Mchere usungunuka pa 801°C, madzi oundana pa 0°C: nanga bond yolimba ndi iti?

Tadala: Moni nonse. Ndithandizeni abale, mutu waima. M'manotsi talemba kuti covalent bond, kugwirana kwa maatomu pogawana ma electron, ndi yolimba kwambiri. Chabwino. Koma madzi ndi covalent, ndipo akaundana amasungunuka pa 0°C pomwe, n'kuwira pa 100°C. Mchere, womwe ndi ionic (wogwirizitsidwa ndi kukokana kwa plus ndi minus), umalimbikira mpaka 801°C. Ndiye yolimba ndi iti apa? Sizikulowa ndithu.

Yamikani: Zophweka izo. Ionic ndi yolimba, covalent ndi yofooka. Loweza basi, pa mayeso sadzakufunsa zambiri.

Tadala: Nanga dayamondi? Ndi kaboni yekhayekha, covalent, koma amadulira galasi. Quartz ya mumchenga nayonso ndi covalent, koma imasungunuka cha m'ma 1700°C, kuposa mchere wakowo.

Chisomo: Yamikani wazimitsa data 😂

Yamikani: Ndilipo aise, ndikuganiza.

Mphatso: Funso la Tadala ndi labwino kuposa mmene iye akuganizira. Ndisanayankhe ndikufunseni kaye. Madzi akamawira mu ketulo, thovu lija limatumphuka kuchokera pansi, m'kati mwake mumakhala chiyani?

Yamikani: Haidirojeni ndi okosijeni. Madzi ndi H₂O, moto ukuwagawa.

Limbani: Ine ndimayesa ndi mpweya wamba.

Mphatso: Zikanakhala monga akunenera Yamikani, bwenzi kuyatsa machesi pafupi ndi ketulo kuli kudzipha, chifukwa haidirojeni akasakanikirana ndi okosijeni amaphulika. Limbani wayandikira pang'ono. Mukayang'anitsitsa poto madzi asanawire, mumaona timathovu ting'onoting'ono titamatirira m'mbali ndi pansi. Timeneto ndi mpweya umene unali m'madzimo ukutuluka. Koma madzi akayamba kubwadamuka, thovu lalikulu lija ndi nthunzi, ndipo nthunzi ndi H₂O yemweyo. Ikani chivundikiro chozizira pamwamba, mudzaona madontho a madzi akubwerera. Palibe molekyu ndi imodzi yomwe imene yang'ambika.

Tsono apa ndi pamene pagona nkhani. M'madzi muli zogwirana za mitundu iwiri. Pali covalent bond imene yamanga okosijeni ndi haidirojeni m'kati mwa molekyu imodzi. Palinso kukokana kwa pakati pa molekyu ndi molekyu inzake. Mukasungunula madzi oundana kapena kuwiritsa madzi, mukulimbana ndi chachiwiricho basi. Choyambacho simunachikhudze n'komwe.

Manambala ake ndi awa. Kuti magalamu 18 a madzi, omwe ndi mole imodzi (muyeso wowerengera kuchuluka kwa mamolekyu kapena maatomu), asanduke nthunzi, pamafunika pafupifupi 41 kJ (kilojoule, muyeso wa mphamvu). Kuti mudule ma bond a O–H m'madzi omwewo, bond iliyonse imadya pafupifupi 460 kJ pa mole, ndipo molekyu iliyonse ili nawo awiri, ndiye kupitirira 900 kJ. Fanizirani 41 ndi 900. Kuti madzi ang'ambike ndi kutentha kokha, muyenera kupyola 2000°C, ndipo ngakhale pamenepo ndi ochepa chabe amene amang'ambika.

Tadala: Ooh! Ndiye kuti manotsi sananame. Bond ndi yolimbadi, kungoti powiritsa sitikuidula.

Mphatso: Ndi zomwezo. Mukafuna kuidula mosavuta, gwiritsani ntchito magetsi. Mu labu timaika ma electrode awiri, nsonga zolowetsera magetsi, m'madzi othira asidi pang'ono, ndipo mpweya umatuluka mbali zonse ziwiri. Chubu chosonkhanitsa mpweya cha ku minus chimadzaza kawiri kuposa cha ku plus. Haidirojeni magawo awiri, okosijeni gawo limodzi, H₂O ukuiona ndi maso.

Madamu Nabanda: Ndakupezani muli m'kati. Mphatso wafotokoza bwino za madzi, ine ndionjezere za mchere, chifukwa ana ambiri amagwera pamenepa. Mu mchere mulibe mamolekyu. Ndibwerezenso: mulibe. Tikalemba NaCl sitikunena kuti pali kanthu kamodzi kopangidwa ndi sodium mmodzi ndi chlorine mmodzi kakungoyendayenda pakokha. Tikungonena kuti pa ion (atomu yokhala ndi charge ya plus kapena minus) iliyonse ya sodium pali ion imodzi ya chloride. M'kati mwa njere ya mchere, Na⁺ iliyonse yazingidwa ndi ma Cl⁻ asanu ndi limodzi: kumanja, kumanzere, kutsogolo, kumbuyo, pamwamba ndi pansi. Cl⁻ iliyonse nayonso yazingidwa ndi ma Na⁺ asanu ndi limodzi. Dongosolo limeneli limangobwerezabwereza mpaka kumapeto kwa njereyo.

Tengani timanjere ta mchere wosalala, tiikeni pa pepala lakuda, muyang'ane ndi hand lens kapena kamera ya foni. Mudzaona timabokosi ta makona ofanana, tina tothethekera m'mphepete. Maonekedwe amenewo sanapangidwe ndi makina. Ndi mmene ma ion ayalidwira m'katimo.

Ndiye kuti mchere usungunuke ndi moto, ma ion ayenera kumasuka pamalo pake n'kuyamba kuyenda, pomwe iliyonse ikukokedwa mbali zonse. N'chifukwa chake 801°C. Dayamondi ndi quartz n'chimodzimodzi, kungoti zomangira zake ndi covalent. Mu dayamondi atomu iliyonse ya kaboni yagwirana ndi maatomu anayi, iwonso anayi, mpaka mwala wonse. Palibe malo ofooka oti moto uyambirepo. Kuti uisungunule uyenera kudula ma covalent bond enieniwo.

Choncho mukapatsidwa funso la melting point, musathamangire kunena kuti ionic kapena covalent. Dzifunseni kaye kuti, kuti chinthuchi chisungunuke, chikuduka n'chiyani?

Tadala: Zikomo Madamu. Zikanalembedwa chonchi m'buku bwenzi nditagona kalekale.

Limbani: Madamu, ine langa ndi lina. Maatomuwa amagwirana chifukwa chiyani poyamba pomwe? Bwanji osangokhala iliyonse payokha?

Yamikani: Amafuna kukhala ndi ma electron 8 mu shell yakunja. Sodium ali ndi 2,8,1 ndiye amafuna kutaya imodzi. Chlorine ali ndi 2,8,7 ndiye amafuna kulandira imodzi. Akapatsana onse amakhala stable.

Madamu Nabanda: Yankho limeneli ndimaliwerenga chaka ndi chaka, ndipo silindisangalatsa kwenikweni. Atomu ilibe mtima woti ifune kanthu, ndipo sidziwa kuwerenga mpaka 8. Mphatso, apatse manambala aja.

Mphatso: Chabwino Madamu. Yamikani, ngati sodium amafunadi kutaya electron yake, bwenzi akuitaya mwaulere. Koma kuti uichotse uyenera kulipira mphamvu yokwana 496 kJ pa mole. Electron ija imakokedwa ndi nucleus, kadontho ka plus ka pakati pa atomu, siichoka yokha. Chlorine akailandira amatulutsa 349 kJ pa mole. Chotsera: 496 kuchotsa 349, yatsala ngongole ya 147 kJ. Kutanthauza kuti kungopatsana electron kokha n'koluza. Zikanathera pamenepo, mchere sukanapangika.

Chimene chimabweza ngongoleyo ndi chotsatira chake. Na⁺ ndi Cl⁻ zili ndi charge yosiyana, ndiye zimakokana. Ma ion osawerengeka akasonkhana n'kuyalana monga anenera Madamu, pamatuluka mphamvu pafupifupi 787 kJ pa mole. Imeneyo ndiyo imalipira zonse n'kutsalako yambiri. Ionic bond si kupatsana kwa electron kuja ayi. Bond yeniyeni ndi kukokana kwa plus ndi minus kumene kumabwera pambuyo pake.

Covalent nayonso ndi nkhani ya kukokana komweko. Tenga maatomu awiri a haidirojeni. Akayandikana, electron ya uyu imayamba kukokedwanso ndi nucleus ya uyo. Ma electron awiriwo amakhala nthawi yambiri pakati pa ma nucleus awiri, ndipo nucleus iliyonse ikuwakoka. Akayandikana mopyola, ma nucleus amakankhana poti onse ndi plus. Pali mtunda umodzi pomwe mphamvu ya zonsezo imatsikitsitsa, ndipo amakhazikika pamenepo. Kuti uwalekanitsenso uyenera kubweza 436 kJ pa mole. Ganizo loti bond ndi ma electron awiri ogawana analibweretsa Gilbert Lewis mu 1916, ndipo timadontho timene timajambula kuzungulira zilembo tija tinachokera kwa iye.

Yamikani: Koma achimwene, pa mayeso ndikalemba za 787 kJ andipatsa malikisi? Marking scheme imafuna octet.

Madamu Nabanda: Lemba octet, lamulo la ma electron 8 lija, upatsidwa malikisi ako, palibe akukuletsa. Ndi lamulo lothandiza kwambiri pa ma element 20 oyambirira, limakuuza msanga kuti magnesium apanga Mg²⁺, okosijeni O²⁻, kaboni ma bond anayi. Chomwe ndikukana n'kulitenga ngati chifukwa. Limakuuza zimene zimachitika kawirikawiri, silikuuza chimene chikuchititsa. Ndipo limaphonya. Mu BF₃ boron wazunguliridwa ndi ma electron 6 okha. Mu SF₆ sulphur wagwirana ndi ma fluorine asanu ndi limodzi. Ngakhale xenon, amene shell yake ndi yodzaza kale ndipo mabuku akale ankati sangagwirane ndi chilichonse, Neil Bartlett anamupangitsa compound mu 1962. Mwana amene analoweza zoti maatomu amafuna 8 akafika pamenepa amangoti kakasi. Amene anamvetsa za kukokana ndi mphamvu amapitirira.

Chisomo: Ndiye kuti nthawi yonseyi ndimamvera chisoni chlorine kuti akusowa electron imodzi, pomwe iye alibe nazo ntchito 😭

Thoko: Pepani ndilowerere, ine ndimangowerenga. Funso langa mwina ndi lachibwana. Zonsezi tikuzikamba ngati tinaziona. Alipo anaionapo atomu? Tikudziwa bwanji kuti m'kati mwake muli nucleus ndi ma electron?

Madamu Nabanda: Si lachibwana mwana wanga, akatswiri enieni anakangana pa funso limeneli zaka pafupifupi 100. John Dalton, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1800, sanaone atomu. Iye anaona masikelo. Ma element akamaphatikizana amatsata miyeso yosasintha. M'madzi, galamu imodzi ya haidirojeni imayenda ndi magalamu 8 a okosijeni, kaya madziwo achokera kuti. Kaboni ndi okosijeni amapanga mipweya iwiri, ndipo pa kaboni wofanana, mpweya wachiwiri uli ndi okosijeni wochuluka kawiri ndendende kuposa woyambawo. Osati kamodzi ndi theka, osati kawiri ndi kachidutswa. Dalton anati zimenezi zingatheke pokhapokha zinthu zitapangidwa ndi tizidutswa tathunthu towerengeka. Anazisindikiza mu 1808.

Ena anakanabe, ankati ndi njira yowerengetsera chabe. Chimene chinatseka pakamwa ambiri ndi ichi. Mu 1827 Robert Brown anaona pa maikulosikopu tizidutswa tochokera mu mungu wa maluwa tikunjenjemera m'madzi osaleka, popanda chotigwedeza. Mu 1905 Albert Einstein anawerengetsa mmene tiyenera kuyendera ngati tikugundidwa ndi mamolekyu a madzi, ndipo Jean Perrin atayeza mu 1908 anapeza kuti zikugwirizana.

Mphatso: Za m'kati mwake ndipitirize ine. J.J. Thomson anapeza electron mu 1897, ndipo anaona kuti ndi yopepuka kwambiri kuposa atomu ya haidirojeni. Lero tikudziwa kuti proton, kachidutswa ka plus ka mu nucleus, imalemera pafupifupi ka 1836 kuposa electron. Thomson ankaganiza kuti charge ya plus yamwazikana mu atomu yonse, ma electron n'kukhala apo ndi apo m'katimo.

Kenaka mu 1909 ku Manchester, Hans Geiger ndi Ernest Marsden, akugwira ntchito pansi pa Ernest Rutherford, anawombera ma alpha particle, tizidutswa tothamanga ta charge ya plus, pa kapepala kopyapyala kwambiri ka golide. Ankakhala mu mdima n'kumawerenga ndi maso timagetsi tothwanima pa sikirini, kamodzikamodzi. Ambiri anapyola ngati palibe chilichonse. Koma apo ndi apo imodzi inkabwerera kumbuyo. Zikanakhala monga ankaganizira Thomson, palibe ikanabwerera, chifukwa charge yomwazikana ilibe mphamvu yobweza chinthu cholemera komanso chothamanga chotero. Mu 1911 Rutherford anati charge yonse ya plus, pamodzi ndi pafupifupi kulemera konse kwa atomu, zaunjikana pa kadontho kamodzi pakati. Atomu ikanakula ngati bwalo la mpira, nucleus ikanakhala ngati kamwala kakang'ono pakatikati pa bwalolo, koma kamwalako ndi kamene kasenza kulemera kopitirira 99.9 peresenti.

Niels Bohr anabweretsa za ma shell mu 1913, James Chadwick anapeza neutron, kachidutswa kopanda charge ka mu nucleus, mu 1932. Ndipo Thoko, za kuona: mu 1981 Gerd Binnig ndi Heinrich Rohrer anapanga scanning tunnelling microscope, yomwe imayendetsa kansonga kakuthwa pamwamba pa chinthu n'kujambula atomu imodziimodzi. Mu 1989 akatswiri a ku IBM anasuntha maatomu 35 a xenon, imodzi ndi imodzi, mpaka kulemba dzina la kampani yawo.

Thoko: Ngati atomu ndi yopanda kanthu m'kati choncho, bwanji dzanja langa silipyola tebulo?

Mphatso: Chifukwa kunja kwa atomu iliyonse kuli ma electron. A m'dzanja lako ndi a mu tebulo onse ndi minus, amakankhana. Palinso lamulo la Wolfgang Pauli la mu 1925 loti ma electron awiri sangakhale mu mkhalidwe umodzi ndendende, ndiye ma shell odzaza akapanikizana amakana kulowererana. Kulimba kumene ukukumva pogogoda tebulo ndi kukankhana kumeneko. Komanso usamaganize ma electron ngati timipira tozungulira m'mizere monga timajambulira. Chojambulacho n'chothandiza powerenga 2,8,1, koma zoona zake n'zakuti timangodziwa dera limene electron imapezeka kawirikawiri.

Chisomo: Ndiye kuti chibadwire sindinakhudzepo tebulo. Nkhani yabwino kwa ife aulesi opukuta.

Limbani: Poti tafika pa ma neutron. Pa periodic table chlorine analemba 35.5. Theka limenelo ndi la chiyani? Pali theka la neutron?

Tadala: Ili ndiliyankhe ine! Ndi ma isotope. Chlorine aliyense ali ndi ma proton 17, koma wina ali ndi ma neutron 18, ndiye chlorine-35, wina ali ndi 20, ndiye chlorine-37. Pa maatomu anayi alionse, pafupifupi atatu ndi 35, imodzi ndi 37. Ndiye 35 kuchulukitsa katatu ndi 105, kuphatikiza 37 ndi 142, kugawa kanayi ndi 35.5. Palibe atomu imodzi yolemera 35.5, ndi avereji chabe.

Madamu Nabanda: Wakhoza Tadala. Ndipo onse awiri amachita chemistry yofanana, chifukwa chemistry imayendera ma electron, ndipo chiwerengero cha ma electron chimatsata ma proton. N'chifukwa chake chimene chimapatsa element dzina ndi ma proton, osati kulemera. Yang'anani argon ndi potassium pa tebulo lanu. Argon amalemera 39.9, potassium 39.1, koma argon ndiye ali patsogolo, chifukwa ali ndi ma proton 18 pomwe potassium ali ndi 19. Dmitri Mendeleev poyala tebulo lake mu 1869 ankatsata kulemera, koma pa tellurium ndi iodine anasemphanitsa dala kuti iodine agwere m'gulu la chlorine ndi bromine amene amafanana naye. Chifukwa chake chinadzadziwika mu 1913, Henry Moseley atayeza ndi ma X-ray n'kupeza kuti mndandanda weniweni ndi wa atomic number, yomwe ndi chiwerengero cha ma proton.

Tadala: Ndibwererenso ku madzi pang'ono. Achimwene Mphatso mwati pakati pa mamolekyu pali kukokana kofooka. Koma molekyu ya madzi ilibe charge. Ndiye zikukokana ndi chiyani?

Mphatso: Yonse pamodzi ilibe charge, zoona, koma m'kati mwake ma electron sanagawidwe mofanana. Okosijeni amakoka ma electron a mu bond mwamphamvu kuposa haidirojeni. Pa sikelo ya Linus Pauling yoyezera kukoka kumeneku, okosijeni ali pa 3.44, haidirojeni pa 2.20. Ndiye mbali ya okosijeni imakhala ndi minus pang'ono, mbali ya ma haidirojeni plus pang'ono. Chinanso, molekyuyo ndi yopindika, ngodya yake ndi madigiri 104.5, chifukwa okosijeni ali ndi mapeya awiri a ma electron osagwirana ndi aliyense amene amakankhira ma bond aja mbali imodzi. Kupindikako ndiye nkhani yonse. Carbon dioxide nayenso ali ndi ma bond okokera mbali imodzi, koma molekyu yake ndi yowongoka, O=C=O, uyu akukokera kuno uyo akukokera uko, zimafafanizana. N'chifukwa chake CO₂ ndi mpweya, ngakhale amalemera 44 pomwe madzi amalemera 18.

M'madzi, haidirojeni wa molekyu iyi amakokedwa ndi okosijeni wa molekyu inayo. Imeneyo ndiyo hydrogen bond. Ndi yofooka poyerekeza ndi covalent, koma ndi yamphamvu poyerekeza ndi kukokana kwa mamolekyu ena ang'onoang'ono. Taonani: methane amalemera 16, pafupifupi ngati madzi, koma amawira pa −162°C. Hydrogen sulphide, H₂S, ndi m'bale wake wa madzi, sulphur ali pansi pa okosijeni m'gulu limodzi, amalemera 34, koma amawira pa −60°C. Madzi akanatsata abale akewa, bwenzi pa dziko pano palibe nyanja kapena mtsinje, onse ali nthunzi.

Madamu Nabanda: Ndipo hydrogen bond yomweyo ndi imene imayandamitsa madzi oundana. Zinthu zambiri zikauma n'kulimba, tizidutswa take timathithikana ndipo zimamira m'madzimadzi ake omwe. Madzi amachita zosiyana. Akamaundana, molekyu iliyonse imagwirana ndi zinzake zinayi mwa dongosolo losiya mipata, ndiye amafufuma ndi pafupifupi 9 peresenti. Density imatsika kufika pa 0.92 g/cm³. Botolo lagalasi lodzaza madzi mukaliiwala mu fuliji limasweka pa chifukwa chimenechi. Kumaiko ozizira nyanja zimaundana kuyambira pamwamba, pansi madzi n'kukhalabe cha pa 4°C, pomwe madzi amalemera kwambiri, ndipo nsomba zimapulumuka.

Yamikani: Madamu, nanga mchere ukafuna 801°C kuti usungunuke, bwanji m'madzi ozizira umangosowa mosavuta? Madziwo mphamvu aitenga kuti?

Madamu Nabanda: Funso lanzeru limenelo Yamikani. Mamolekyu a madzi amazinga ion iliyonse ya pamphepete pa njere. Ku Na⁺ amalozetsa mbali ya okosijeni, ku Cl⁻ amalozetsa mbali ya haidirojeni. Kukokana kwatsopanoku kumatulutsa mphamvu pafupifupi yofanana ndi imene ikufunika kuti ion ichoke pa anzake, ndiye ngongole imatsala yochepa kwambiri, ndipo kugundagunda kwa mamolekyu kumamalizitsa. Moto umagwira ntchitoyo wokha popanda chobweza, madzi amasinthanitsa kukokana kwina ndi kwina. Mafuta sangathe zimenezi poti mamolekyu ake alibe mbali ya plus ndi ya minus, n'chifukwa chake mchere m'mafuta umangokhala pansi.

Mutha kuziyesa. Batire, kababu kakang'ono ka tochi kapena LED, mawaya, ndi misomali iwiri. Lowetsani misomali mu mchere wouma, babu siliyaka, ma ion alipo koma amangika. Thirani madzi musungunule, liyaka, poti tsopano ma ion akuyenda. Yesani ndi shuga, siliyaka, chifukwa shuga amasungunuka ngati mamolekyu athunthu opanda charge. Ndanena batire. Wina asayerekeze kulumikiza ku soketi ya pakhoma.

Chisomo: Madamu mwayang'ana ine bwanji 😅

Limbani: Nanga waya wa kopa? Ndi wolimba, sanasungunuke, koma magetsi amadutsa. Mulinso ma ion oyenda?

Mphatso: Mu zitsulo oyenda ndi ma electron. Atomu iliyonse imamasula ma electron ake akunja, ndipo sakhala a atomu imodzi, amayenda m'chitsulo chonse. Otsala ndi ma ion a plus oyalidwa m'mizere, ndipo chowagwirizitsa ndi kukokana kwawo ndi ma electron oyendawo. Plus ndi minus kachiwiri. Ukalumikiza batire, ma electron aja amayamba kulowera mbali imodzi.

Yesa kumenya ndi hamala. Waya wa kopa umaphwatalala osasweka, chifukwa mizere ya ma ion ikatsetsereka imapezabe ma electron pamalo atsopanowo. Njere ya mchere imanyenyeka. Mzere umodzi ukangosuntha pang'ono, Na⁺ imayang'anizana ndi Na⁺ inzake, Cl⁻ ndi Cl⁻ inzake, zimakankhana, njere n'kung'aluka.

Thoko: Graphite ya mu pensulo si chitsulo koma tinauzidwa kuti imadutsa magetsi.

Mphatso: Eya. Ndi kaboni yemweyo wa mu dayamondi, koma atomu iliyonse yagwirana ndi atatu okha, m'magawo opyapyala osanjikizana. Electron yachinayi imatsala yomasuka kuyenda m'gawolo, ndiye magetsi amadutsa. Pakati pa gawo ndi gawo kukokana n'kofooka, ndiye ukamalemba magawowo amasendeka n'kutsalira pa pepala. Mu dayamondi ma electron onse anayi ali pa ntchito, palibe woyenda, magetsi sadutsa.

Ndinenenso ichi ngakhale sichibwera pa mayeso anu. Pakati pa ionic ndi covalent palibe khoma. Mu Cl₂ maatomu ndi ofanana, amagawana ndendende. Mu HCl chlorine wakokera kwake koma sanalande. Mu NaCl kusiyana n'kwakukulu, pa sikelo ya Pauling chlorine ali pa 3.16, sodium pa 0.93, ndiye timati walanda. Ndi msewu umodzi, kungoti mabuku amatchula kumapeto kwake kuwiri.

Madamu Nabanda: Tsono ndikupatseni ntchito. Magnesium oxide, MgO, yayalidwa chimodzimodzi ndi mchere, ion iliyonse yazingidwa ndi zisanu ndi imodzi. Koma imasungunuka cha pa 2850°C, mpaka amaigwiritsa ntchito poyala m'kati mwa ng'anjo zosungunulira zitsulo. Chifukwa chiyani ikuposa mchere kutali chonchi? Mphatso usayankhe.

Yamikani: Chifukwa mamolekyu a MgO amakokana mwamphamvu, poti magnesium wataya ma electron awiri.

Thoko: Ndiyese. Mu mchere ma charge ndi +1 ndi −1. Mu MgO ndi +2 ndi −2. Charge ikakula kukokana kumakulanso, ndiye pamafunika kutentha kwambiri kuti ma ion amasuke.

Madamu Nabanda: Thoko wapeza. Kukokana kumayenda ndi kuchulukitsa kwa ma charge awiriwo, ndiye 2 kuchulukitsa 2 ndi 4, pomwe mu mchere ndi 1. Wonjezerapo kukula kwa ma ion: Mg²⁺ ndi yaing'ono kuposa Na⁺, O²⁻ ndi yaing'ono kuposa Cl⁻, ndiye zimayandikana kwambiri ndipo kukokana kumakulirakulira. Yamikani, ganizo lako lili bwino, koma fufuta mawu akuti mamolekyu, ulembe ma ion. Wolemba malikisi akangoona molekyu pa MgO amadula pomwepo.

Limbani: Ndiye calcium oxide iyenera kutsikirako pang'ono? Ma charge ndi omwewo, koma calcium ali ndi shell yoonjezera, 2,8,8,2, ndiye Ca²⁺ ndi yaikulu kuposa Mg²⁺.

Mphatso: Madamu ndiloleni apa pokha. Inde Limbani, cha m'ma 2600°C.